Mafizo a kuchipatala cha boma anandithandiza msana, koma ndinawadikira miyezi isanu

Ndine telala. Ndakhala ndikupalasa makina a Singer pakhonde la sitolo ina pamsika wa kwathu kwa zaka 19. Msana unayamba kundivuta m'dzinja la 2021, ndipo sindinagwe kapena kuchita ngozi. Madzulo ena ndinkanyamula mutu wa makina kuti ndikausungitse m'sitolo monga mwa masiku onse, ndiye nditangowerama ndinamva kulasa m'chiuno ngati wina wandibaya ndi singano yosokera matumba. Ndinauika pansi mutuwo, n'kugwira chipilala cha khonde mpaka mnyamata wogulitsa m'sitolomo anabwera kudzandithandiza. Ululu waukuluwo unatha patapita sabata, koma unasiya mnzake wosachoka, wongoti nyenyenye kumunsi kwa msana, ndipo masiku ena unkatsika m'thako lakumanzere mpaka kuseri kwa bondo.

Ndikulemba za gawo la mafizo la pachipatala cha boma lathu, chifukwa ndapitako maulendo 6 tsopano ndipo anzanga ambiri pamsika amandifunsa ngati n'kothandiza. N'kothandiza. Anthu ake amaidziwa ntchito, ndipo sindinalipire ngakhale tambala. Chimene chimandiwawa mpaka lero ndi njira yokafikira pakhomo lawo, komanso kuti nthawi yonse imene ndinkadikirayo panalibe munthu amene anandiuza choti ndizichita ndi thupi langa.

Kabuku kanga ka kuchipatala ndikali nako, ndipo usiku wina ndinakhala pansi n'kuwerenga masamba ake. Kuyambira 2021 mpaka kumayambiriro kwa 2024 ndinapita kuchipatala chaching'ono cha kwathu ka 11 ndi dandaulo limodzimodzi. Tsamba lililonse lili ndi mizere iwiri kapena itatu yokha, kenako dzina la mankhwala: panado, bulufeni, nthawi zina diclofenac akakhalapo. Sindikuwada adokotala a kumeneko. Ndinkawaona ndi maso anga ali okha m'kachipinda, panja pali amayi ambirimbiri ndi ana otentha thupi, ena akukomoka ndi malungo. Munthu wamwamuna wolowa akuyenda yekha n'kunena kuti msana, amamuona ngati wodwala pang'ono, ndipo mphindi zitatu zikakwana wotsatira amakhala waima kale pakhomo. Koma m'maulendo 11 onsewo palibe amene anandiuza kuti ndivule shati andione, ndipo mawu oti mafizo sanalembedwe paliponse.

Mankhwala akatha ndinkagula indosidi pagolosale, monga amachitira aliyense wogwira ntchito yolemetsa kwathu kuno. Ndinkamwa awiri m'mawa ndisanadye kanthu kuti ndithe kukwera njinga. Amalume anga ananditengera kwa sing'anga amene ananditema mphini 12 m'chiuno n'kupakamo mankhwala akuda, zipsera zake zilipobe. Ena ankati ndi nyamakazi. Amuna anzanga pabawo ankangoseka, mukudziwa zimene anthu amanena mwamuna akadandaula msana, ndipo zimenezo zinandichititsa kusiya kudandaula pagulu. Ndikuona kuti amuna ambiri amachedwa kupeza thandizo chifukwa cha nthabwala zimenezi.

Chimene chinasintha zinthu ndi m'mimba. Chakumapeto kwa 2023, nthawi imene kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November, mitengo ya nsalu, ulusi ndi zipi inakwera, ndiye ndinkakhala pamakina mpaka mdima kuti ndipezeko kangachepe. Mapiritsi ndinawonjezera. Pofika March 2024 ndinkamva kutentha pachifuwa ngati ndameza khala, nsima osailakalaka. Nditapita kuchipatala chaching'ono chija ndinapeza adokotala ena achilendo, mnyamata wamng'ono ndithu. Iyeyu anatsegula kabuku kuyambira tsamba loyamba, n'kumawerenga mwakachetechete.

"Bambo, mankhwala awa mwakhala mukumwa kwa nthawi yaitali bwanji?"

"Zaka zitatu zikukwana, adokotala."

"Ndi indosidi yemwe?"

Ndinavomera. Anapukusa mutu n'kundiuza kuti bulufeni, diclofenac ndi indosidi ndi a mtundu umodzi, ndipo ukamawamwa tsiku ndi tsiku, makamaka m'mimba mulibe kanthu, amayambitsa zilonda za m'mimba komanso amatha kuwononga impso. Anati msana ukapweteka kupitirira miyezi itatu sukhalanso nkhani ya mapiritsi okha. Analemba kalata yonditumiza kuchipatala cha boma kuti akandione a zamafupa. Umu munali mu April, ndipo pamenepa ndi pamene ndimayambira kuwerenga miyezi isanu ija.

Kuchokera kwathu kukafika paboma ndi makilomita pafupifupi 40, theka lake msewu wafumbi. Ndalama ya minibasi popita ndi pobwera inali yofanana ndi imene ndimalandira ndikasoka madiresi awiri a sukulu, osawerengera tsiku lotayika. Ulendo woyamba ndinafika tsiku lolakwika, poti a zamafupa amaona anthu ochokera kunja tsiku limodzi lokha pasabata, ndipo kalatayo sinanene tsiku lake. Anandilembera tsiku lina, patsogolo ndi masabata 5. Nditabwerera, adokotala a zamafupa anandiona bwino, anandigoneka pabedi n'kukweza mwendo, kenako anati ndikajambulitse X-ray. Kumalo ojambulirako anati makina sakugwira ntchito, ndidzayesenso pakatha masabata awiri. Ndinapita pakatha masabata atatu, ndinajambulitsa, koma kuti chithunzicho achione adokotala ndinayenera kudikiranso tsiku lawo lija. Atachiona anati mafupa sanathyoke, palibe chizindikiro cha TB, pali kuperepeseka pang'ono kumene kumabwera ndi zaka. Apa ndi pamene analemba m'kabuku kuti ndipite ku mafizo. Linali sabata lachitatu la July. Ndinayenda kakhonde kakang'ono n'kukagogoda pachitseko cha mafizo tsiku lomwelo ndili ndi chimwemwe, koma mayi amene anatsegula anayang'ana m'buku lalikulu la masiku, n'kutembenuza masamba, kutembenuza, mpaka anaima pa September. Masabata 7.

Wina pabenchi anandiuza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndinamuyankha mwaulemu, koma mumtima sindinagwirizane naye, chifukwa kudekha kwangako kunali kukundidwalitsa, ngakhale pa nthawiyo sindinkadziwa bwinobwino chifukwa chake.

M'miyezi imeneyi ndinachita zimene aliyense kwathu angakuuze kuti ndi zanzeru. Ndinasiya njinga. Ndinasiya kupita kudimba. Ndikaweruka ndinkangofikira pamphasa n'kugona chagada mpaka m'mawa, ndipo Loweruka ndi Lamlungu ndinkagona tsiku lonse, ngakhale kutchalitchi ndinasiya poopa mabenchi. Ndinagula lamba wokulunga m'chiuno kwa anyamata oyenda ndi katundu pamsika, wakuda wokhala ndi zomata, ndipo ndinkamuvala kuyambira m'mawa mpaka usiku. Mayi a kunyumba ankandithowa ndi kansalu ka madzi otentha, ndipo ndi chokhacho chimene chinkandipatsa mpumulo weniweni. Ana ndinawaletsa kundidumphira. Mawu aja akuti kuperepeseka kwa mafupa anakhazikika m'mutu mwanga, moti ndinkaona ngati msana wanga ndi nsungwi yofumbwa imene ingathyoke nditangowerama kutola sizasi. Sizasi ikagwa pansi ndinkadikira mwana wodutsa kuti anditolere.

Thupi linauma. Pofika August sindinkatha kuvala nsapato popanda kukhala pabedi n'kukoka mwendo ndi manja. Ndipo aliyense wosoka amadziwa kuti August ndi September ndiyo nyengo yathu yokolola, poti sukulu zimatsekulira mu September ndipo makolo amabwera ndi nsalu za yunifolomu mulu. Chaka chimenecho ndinabweza makolo oposa theka. Ena anali makasitomala anga kuyambira ana awo ali Sitandade 1, ndipo anapita kwa telala wa tsidya lina la msewu. Ambiri sanabwererenso.

Tsiku langa litakwana ndinanyamuka ndi minibasi yoyamba, ndipo 7 koloko inandipeza ndili pabenchi. Chipinda cha mafizo n'chimodzi, chachikulu ngati kalasi. Muli mabedi atatu otchingidwa ndi makatani obiriwira, zitsulo ziwiri zotalika zogwira pophunzira kuyenda, njinga imodzi yosayenda, mpira waukulu wabuluu, galasi lalitali pakhoma ndi mphasa zapulasitiki pansi. Ndikudikira ndinaona abambo ena okalamba amene anafa ziwalo mbali imodzi chifukwa cha sitiroko, akuphunzitsidwa kudzuka pampando, mwana wawo wamkazi atagwira lamba wa buluku lawo kumbuyo. Pamphasa panali amayi anayi ndi ana awo amene khosi silinalimbe ngakhale ali ndi zaka ziwiri kapena zitatu. Panalinso mnyamata wa kabaza amene anali atangomuchotsa chikhakha mwendo, bondo litakana kupinda. Ogwira ntchito anali awiri okha, ndipo mmodzi ankaitanidwa kuwodi pafupipafupi. Mkwiyo umene ndinabwera nawo unachepa pamenepo. Ndikanakhala ine wogawa masiku, nanenso ndikanaika mwana uja ndi abambo aja patsogolo pa telala woyenda yekha.

Anandiitana cha m'ma 10. Anali mayi wachitsikana, mwina msinkhu wa mwana wanga woyamba. Anandipatsa mpando n'kukhala moyang'anizana nane, kabuku ali nako m'manja koma osalemba.

"Bambo, tandiuzeni za msanawu kuyambira pachiyambi. Musafulumire."

M'zaka zitatu palibe wachipatala amene anandiuzapo kuti ndisafulumire. Ndinafotokoza zonse, za mutu wa makina, za indosidi, ngakhale za mphini, ndipo sanandidzudzule. Kenako anayamba mafunso amene poyamba anandichititsa manyazi. Kodi mkodzo umatuluka bwinobwino, kapena umathawa wokha, kapena umakanika? Kodi kuchimbudzi mumadzigwira? Kodi mumamva dzanzi kumalo obisika kapena pakati pa ntchafu? Kodi miyendo yonse iwiri inayamba yafookapo? Kodi mwaonda popanda chifukwa, mumatuluka thukuta usiku, mumatentha thupi, munadwalapo TB? Kodi ululu umakudzutsani usiku ngakhale mutagona bwanji? Zonse ndinati ayi. Anandifotokozera kuti amafunsa zimenezi chifukwa pali matenda a msana amene sayenera kudikira tsiku la m'buku. Mitsempha ya kumunsi kwenikweni kwa msana ikapanikizika kwambiri, munthu amataya mphamvu yogwira mkodzo ndi chimbudzi, ndipo akachedwa ngakhale masiku ochepa akhoza kukhala choncho moyo wake wonse. TB nayo imatha kulowa m'mafupa a msana n'kumawadya pang'onopang'ono mpaka munthu kupindika kapena kufa miyendo. Anati aliyense woona zizindikiro zimenezi athamangire kuchipatala tsiku lomwelo n'kunena mosabisa, asachite manyazi. Ndikuzibwereza pano chifukwa m'miyezi isanu ija palibe amene anandiuza, ndipo zikanandichitikira ndikanangokhala pamphasa kudikira September.

Atatero anandiuza kuti ndivule shati ndi lamba uja. Anandiyendetsa ndi zala zakuphazi, kenako ndi zidendene. Anandiweramitsa kutsogolo, manja anga anangofika m'mawondo. Anagogoda pansi pa bondo ndi kanyundo ka mphira, anandikanda ndi kathonje m'miyendo yonse kufunsa ngati ndikumva mofanana, anandiuza kuti ndikankhe dzanja lake ndi chala chachikulu cha phazi. Pomaliza anadina ndi zala m'mbali mwa msana, ndipo pamalo ena ndinadumpha.

"Apa ndi minofu, bambo, si fupa. Yauma chifukwa mwaisiya osaigwiritsa ntchito. Msana wanu ndi wolimba."

"Nanga kuperepeseka kuja anakuona pa X-ray?"

"Tikajambula anthu a msinkhu wanu amene sakumva kupweteka kulikonse, ambiri tiwapeza nakonso. Zili ngati imvi. Si chizindikiro choti msana ukuthyoka."

Mawu amenewa ndinawasenza ulendo wonse wobwerera. Kwa miyezi iwiri ndinali ndikuopa chinthu chimene sichinali choopsa, ndipo manthawo ndi amene anandigoneka pamphasa. Pakadafunda padajiwitsa galu, ine mphasa ija ndi imene inkandidya.

Lamba anandiuza kuti ndimusiye. Ndinafunsa ngati alibe makina amagetsi aja amene ndinamva kuti amaika pamsana n'kumanjenjemeretsa, poti ndinkaganiza kuti mafizo enieni ndi amenewo. Anati makina angakupatseni mpumulo wa ola limodzi, koma chimene chingakubwezereni pantchito ndi zimene muzichita nokha kunyumba. Ndinakhumudwa pang'ono, ndisaname. Nditafika kunyumba ndinauza mwana wanga wamkazi amene ali kukoleji, ndipo iye anafufuza pa intaneti n'kundiwerengera pafoni malangizo amene bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linatulutsa mu December 2023 okhudza msana wopweteka nthawi yaitali. Zinali zomwezo. Amalimbikitsa kumuphunzitsa wodwala za vuto lake, masewera olimbitsa thupi, kutikita, ndi kuthandiza munthu pa nkhawa zake. Malamba a m'chiuno, kukoka msana ndi makina, komanso mankhwala amphamvu a gulu la morphine, amati asamagwiritsidwe ntchito mwachizolowezi pa vuto limeneli. Anandiwerengeranso kuti mu 2020 anthu pafupifupi 619 miliyoni padziko lapansi anali ndi ululu wa kumunsi kwa msana, ndipo ndi vuto limene limalepheretsa anthu kugwira ntchito kuposa lina lililonse. Ndinaganiza za amayi onyamula mitolo ya nkhuni, alimi opanga mizere ndi khasu lalifupi, anyamata okweza matumba a chimanga m'malole, onse akumwa indosidi ngati mtedza.

Mafizo amene anandipatsa tsiku loyamba anali anayi okha, ndipo anaonetsetsa kuti ndawachita pamaso pake mpaka ndakhoza. Loyamba, kugona chagada n'kukokera bondo limodzi pachifuwa, kuwerenga mpaka 20, kenako linalo. Lachiwiri, chigonere choncho mawondo atapinda, kukanikiza msana pansi ngati ukufuna kuphwanya nyerere ili pansi pa chiuno, kenako kumasula. Lachitatu, kukweza matako m'mwamba mapazi ali pansi mpaka thupi likhale ngati mlatho. Lachinayi, kugwada ndi manja pansi, kukweza msana ngati mphaka wodzidzimuka, kenako kuutsitsa pang'onopang'ono. Pa la mlatho lija miyendo yanga inkanjenjemera ngati ya mwana wa ng'ombe wongobadwa kumene, ndipo ndinangokwanitsa kanayi. Iye anaika dzanja lake pansi pa msana wanga n'kumati, "Pumani, bambo, musagwire mpweya. Kanayi n'kokwanira lero. Sabata yamawa kudzakhala kasanu ndi kamodzi." Anandiuzanso kuti ndiziyenda pansi mphindi 10 m'mawa ndi madzulo, n'kumawonjezera pang'onopang'ono, ndiponso kuti ululu ukakwera pang'ono pochita mafizo ndisaope, bola uzitsika pofika mawa lake.

Chimene chinandigwira mtima kwambiri n'chakuti anafunsa za ntchito yanga mwatsatanetsatane. Anati ulendo wotsatira ndibwere ndi chithunzi cha pafoni chondionetsa nditakhala pamakina. Mnyamata wa m'sitolo uja anandijambula. Atachiona anachikulitsa ndi zala n'kundionetsa: kampando kanga kanali kafupi kwambiri moti mawondo anali pamwamba kuposa chiuno, msana utapindika ngati uta, khosi litatsogola kufuna singano. Kampando kameneko ndinakhalira zaka 19. Anati ndipeze mpando wokwererapo wokhala ndi choyedzamira, ndipinde kansalu n'kuika kumunsi kwa msana, ndipo pakatha theka la ola lililonse ndiziimirira ngakhale mphindi imodzi. Anati ntchito yodula nsalu ndi kusita ndiziichita choimirira pathebulo lalitali, ndipo ndiziisakaniza ndi yosoka m'malo modula zonse m'mawa n'kukhala pansi tsiku lonse. Za mutu wa makina sanandiletse kunyamula. Anandiphunzitsa kuuyandikira, kupinda mawondo, kuukumbatira pamimba n'kudzuka ndi miyendo. Kalipentala wa pamsika anandikhomera mpando ndi matabwa otsala, ndinamulipira pomusokera makatani.

Nditazolowerana naye ndinamufunsa chifukwa chimene anthu a ntchito yake alili ochepa chonchi. Anandiuza kuti maphunziro a digiri ya mafizo m'dziko muno anayamba mu 2010 ku College of Medicine ku Blantyre, imene tsopano ili mbali ya Kamuzu University of Health Sciences kuyambira 2021. Kale amene ankafuna ntchitoyi ankakaphunzira kunja. Kwa zaka zambiri ntchito yothandiza olumala inkagwiridwa kwambiri ndi bungwe la MAP (Malawi Against Polio), limene linayamba mu 1979 pothandiza anthu opuwala ndi poliyo, ndi malo awo a Kachere ku Blantyre. Ndiye ntchitoyi kwathu kuno ndi yaing'ono msinkhu, ndipo anthu ambiri, ngakhale ena ogwira ntchito m'zipatala zing'onozing'ono, amaiona ngati ya anthu a sitiroko ndi othyoka mafupa basi. Izi zinandithandiza kumvetsa chifukwa chimene mawu aja sanalembedwe m'kabuku kanga maulendo 11.

Komabe pali zimene sindinakondwe nazo, ndipo sizifuna ndalama zambiri kuti zikonzedwe. Chachikulu ndi ichi: tsiku lija la mu July pamene ndinagogoda n'kupatsidwa tsiku la mu September, mphindi zisanu zokha zikanakwana kundiuza kuti bambo, podikirapa musagone, muziyenda, lamba musiyeni, ndipo mukaona zakutizakuti thamangani. Ngakhale kapepala kolembedwa m'Chichewa kopatsa aliyense wolembetsa kakanandipulumutsira nyengo ya yunifolomu. Kapepala ka mafizo kamene anandipatsa pambuyo pake kanali ka Chingerezi, kofotokopedwa kambirimbiri mpaka zithunzi zake zinkaoneka ngati mithunzi, moti mayi uja anachita kujambula timitu ndi timiyendo ndi cholembera kuseri kwake. Masiku obwereza anali otalikirana, mwezi wathunthu, ndipo ulendo wachitatu ndinapeza chitseko chotseka chifukwa onse awiri anapita kumaphunziro. Panalibe amene anandiimbira, ngakhale nambala yanga inali m'buku mwawo. Ndalama ya minibasi inapita pachabe. Makatani aja nawonso satchinga mawu, mafunso a mkodzo ndi malo obisika ndinkayankha ndikudziwa kuti mayi wa pabedi linalo akumva zonse.

Chitseko chitandikanika tsiku limenelo, ndinayesako kwa wamafizo wolipira mumzinda, mlamu wanga atandithandiza ndalama. Kumeneko ndinalowa tsiku lomwelo popanda kalata, m'chipinda cha ndekha, ndipo ananditikita bwino n'kundiika zotenthetsa. Ndinatuluka thupi lili pepuu. Koma mtengo wa ulendo umodzi unali wofanana ndi phindu langa la sabata yathunthu, ndipo mafizo amene anandionetsa anali omwe aja anayi, kungowonjezerapo limodzi lotambasula dzanja ndi mwendo wa mbali inayo utagwada. Amene ali ndi ndalama kapena sikimu ya kuntchito, apite asadikire. Amene ali ngati ine, ulendo umodzi wokha wolipira pa nthawi yodikira ungathandize kuti munthu adziwe choyamba kuchita, koma thandizo la kuboma silichepa nzeru poyerekeza ndi lolipiralo.

Anzanga akandifunsa ndimawauza kuti msana ukapitirira miyezi itatu, atchule okha mawuwo pamaso pa adokotala: ndikupempha munditumize ku mafizo. Ine sindinkadziwa kuti munthu angapemphe. Afunsenso tsiku limene a zamafupa amaona anthu asanakwere minibasi, ndipo akalembedwa m'buku la masiku asachoke pakhomopo asanafunse zoti azichita podikira. Mnzanga wina wokonza njinga anachita zimenezi, ndipo mayi yemwe uja anatuluka naye pakhonde n'kumuonetsa mafizo awiri pomwepo.

Msana wanga sunachire kotheratu, ndipo anandiuza poyera kuti mwina uzibwerabwera. Mwezi wa June kukazizira umauma, ndipo ndikasoka zaukwati usiku wonse, mawa lake umandikumbutsa. Kusiyana kwake n'kwakuti ukayamba sindithamangiranso pamphasa kapena kugolosale. Ndimachita mafizo anga, ndimayenda mpaka kumjigo n'kubwerera, mayi a kunyumba amandithowa, ndipo pakatha masiku awiri kapena atatu umatsika. Indosidi ndinasiyiratu, m'mimba munapola. Mlatho uja tsopano ndimakwanitsa ka 15, manja amafika pa akakolo, ndipo njinga ndinayambiranso mu January 2025.

Ulendo wanga womaliza ananditsanzika, anati ndisabwerenso pokhapokha zitasintha. Ndinawasiyira makatani awiri atsopano a nsalu yokhuthala amene ndinasoka ndi zotsala za ntchito ya tchalitchi, oti atchinge bedi lapakati lija. Potuluka ndinapeza abambo a sitiroko aja pakhonde, akuyenda ndi ndodo ya miyendo itatu, mwana wawo ali pambali osawagwira. Pabenchi panali mayi wina wazaka ngati 50 atamanga chitenje cholimba m'chiuno, kabuku kali m'manja, akudikira kulembetsa. Ndinakhala naye pansi n'kumufunsa kuti wadwala nthawi yaitali bwanji. Anati zaka zinayi. Minibasi yanga inali isanadzaze, ndiye ndinayala jekete pansi pakhondepo n'kumuonetsa la bondo pachifuwa lija.